Za Mkaka Woyamba wa Ng'ombe, ndi Umo Anthu Anadziwira Mphamvu Yake

Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya chinthu chimene ambiri achipeputsa, ndicho mkaka woyamba umene ng'ombe itulutsa itangobala. Mkaka umenewu uli wachikasu, wolimba ndi wonanda, ndipo suyenera malonda, pakuti ukauteleka pamoto ugwirana. Chifukwa cha ichi alipo ena amene auyesa mkaka woipa, naukamira pansi kapena kuupatsa agalu, nalinda kuti uyambe wayera ndipo mwana ayamwe. Koma ife tinena kuti m'khola monse mulibe mankhwala a mtengo wapatali oposa mkaka umenewu, ndi kuti mwana wa ng'ombe amene anamanidwa mkakawu pa tsiku la kubadwa kwake, mungakhale mumdyetse bwino masiku onse otsatira, ali ngati mudzi wopanda linga m'nyengo ya nkhondo.

Tilemba izi poganizira makamaka abale a ku Luwinga ndi a m'midzi yozinga mzinda wa Mzuzu, monga Doroba, Kavuzi ndi Lusangazi, kumene mabanja ambiri asunga ng'ombe ya mkaka imodzi kapena ziwiri, napezapo ndalama za sukulu, za sopo ndi za chopereka cha ku tchalitchi. Banja lotere likataya mwana wa ng'ombe, silitaya kanyama kokha ai. Litaya miyezi 9 imene make anamsenza m'mimba, litayanso ng'ombe imene ikadadzakamidwa zitapita zaka ziwiri kapena zitatu. Tsono nzeru ya mkaka woyamba siinabwere tsiku limodzi. Anthu anaipeza pang'onopang'ono, m'maiko osiyana, ndipo anaigula ndi imfa ya ng'ombe zosawerengeka. Tiyeni tiilondole kuchokera kwathu konkuno.

Ng'ombe za makolo

Dziko la kumpoto lidziwa ng'ombe kuyambira kale lomwe. Angonde a ku Karonga anali nazo zambiri, nakhala ndi mkaka ndi nthochi monga chakudya chawo. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, analinso anthu a ng'ombe. Atamwalira Zwangendaba ku Ufipa ana ake anagawikana, ndipo a M'mbelwa anatsikira ku dziko limene lero tilitcha Mzimba, namanga midzi yawo pozinga khola, limene iwo alitcha chibaya. Kwa iwo ng'ombe inali chuma cha lobola, inali nsembe, inali chikopa cha nkhondo, inalinso mkaka wa ana.

Ng'ombe za masiku amenewo zinali zazing'ono, za linunda, zonga zimene tiziona kumidzi kufikira lero. Ng'ombe yotere ili ndi khalidwe lake, lakuti siitsitsa mkaka bwino mwana wake palibe. Wokama ayenera kuyamba walola mwana ayamwe pang'ono, ndipo mkaka ukatsika amchotsa, nakama, nam'bwezeranso kuti atsirize. Mwana akafa, mkakanso uuma msanga. Chifukwa chake abusa akale anasunga mwana wa ng'ombe monga asunga mkaka umene, ndipo ng'ombe ikabala sanailekanitse ndi mwana wake. Inamnyambita, iye naimirira, nafunafuna bere, nayamwa dzuwa lisanapendeke. Anthu a kwa Zulu, kufupi ndi kumene makolo a Angoni anachokera, ali nalo dzina lakelake la mkaka umenewu, autcha umthubi. Ndipo ichi chitisonyeza kuti oweta akale anaona kuti usiyana ndi mkaka wa masiku onse. Chimene chinabisika kwa iwo ndi chifukwa chake. Koma mwambo wawo ndi khalidwe la ng'ombe zawo zinasunga anawo.

Mliri waukulu

M'chaka cha 1887 asilikali a ku Italy anakocheza ng'ombe pa doko la Massawa, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, ndipo pamodzi nazo inalowa nthenda imene Azungu aitcha rinderpest. Ng'ombe yogwidwa nayo inatentha thupi, inatuluka misozi ndi mamina, inachita zilonda m'kamwa, inatsegula m'mimba kolimba, nifa pasanathe masabata awiri. Nthendayo inayenda chakummwera monga moto wa lupsa, nipha njati ndi nyama zina za m'thengo pamodzi ndi ziweto. Ndipo m'maiko ambiri, mwa ng'ombe 10 inatsala imodzi. M'zaka za 1892 ndi 1893 inafika kumpoto kwa nyanja yathu, nithyola makola a Angonde ndi a Angoni, zitangopita zaka zowerengeka chikhazikitsire misyoni ya ku Ekwendeni m'chaka cha 1889. M'chaka cha 1896 inaoloka Zambezi, nisautsa maiko onse a kummwera.

Mliri umenewu unali mlendo kuno kwathu, koma ku Ulaya unali mdani wakale, ndipo kunali komweko, polimbana nawo, kumene munthu anayamba kupenya kuti ng'ombe isiyira mwana wake cholowa chosaoneka ndi maso. Ku dziko la Holland, m'chigawo cha Groningen, kunali mlimi dzina lake Geert Reinders, munthu wodziphunzitsa yekha, koma wa maso openyetsetsa. Masiku amenewo anthu anali kuyesa kutemera ng'ombe mwa kuika mamina a ng'ombe yodwala pa kabala kakang'ono, kuti yamoyoyo idwale pang'ono ndi kuchira. Koma zambiri zinali kufa ndi kutemerako. M'chaka cha 1774 Reinders anatembenukira kwa ana obadwa kwa ng'ombe zimene zinadwala mliriwo ndi kuchira, napeza kuti akawatemera akali aang'ono sanali kufa monga anzawo, ndi kuti mphamvuyo inali kutha anawo akasinkhuka. Anadziwa tsono kuti pali kanthu kochokera kwa make; koma kanthuko n'chiyani, ndipo kadzera njira yanji, m'mimba kodi kapena m'mawere? Funso ili linagona zaka zoposa 100 lopanda woliyankha.

Mbewa za Ehrlich

Yankho linayamba kuoneka ku Berlin, m'dziko la Germany. M'chaka cha 1890 madotolo awiri, Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo wa ku Japan, anasonyeza kuti nyama imene inazolowezedwa ululu wa kafumbata ikhala ndi zida m'mwazi mwake, ndi kuti ukatenga madzi a mwaziwo, amene atsala mwazi ukagwirana, nuwathira m'thupi la nyama ina, nayonso itetezeka. Zida zimenezi ndizo zimene lero azitcha ma antibody. Thupi lizisula likakomana ndi nthenda, ndipo nthenda iliyonse ili ndi zida zakezake, monga loko aliyense ali ndi kiyi wake.

M'chaka cha 1892, chaka chomwecho chimene ng'ombe za ku Karonga zinali kugwa, dotolo wina, Paul Ehrlich, anayesa kanthu ka nzeru ndi mbewa zoweta. Anatenga ululu wopezeka m'mbewu za nsatsi, nazoloweza nawo mbewa zina pang'onopang'ono kufikira zinalimba. Anapeza kuti mphongo yolimba siinapatse ana ake mphamvu iliyonse, koma yaikazi yolimba inapatsa. Pamenepo anasinthanitsa ana: ana a mbewa wamba anawaika pa mawere a mbewa yolimba, ndi ana a yolimba pa mawere a wamba. Taonani, ana oyamwa kwa mlezi wolimba analimba, angakhale sanabadwe mwa iye. Ndipo ana enieni a yolimba, oyamwa kwa mlezi wamba, anataya mphamvu yawo msanga. Potero kunadziwika kuti zida zingathe kuyenda mu mkaka.

Ehrlich yemweyo anasiyanitsa chitetezo cha mitundu iwiri. China ndicho chodzisulira, chimene thupi lipanga lokha litadwala kapena litalandira katemera; ichi chichedwa kufika, koma chikhalitsa. China ndicho chobwereka, chimene thupi lilandira kwa lina chopangidwa kale; ichi chigwira ntchito pomwepo, koma chitha monga chitha chinthu chobwereka. Mliri wa ng'ombe utafika ku South Africa, boma la ku Cape linaitana Robert Koch, amene anafika ku Kimberley kumapeto kwa chaka cha 1896. Ndipo amene anapitiriza ntchitoyo anathira m'ng'ombe zamoyo madzi a mwazi wa ng'ombe zochira. Zinatetezekadi, koma masabata owerengeka okha, pakuti chinali chitetezo chobwereka.

Ana a ng'ombe 22

Zinatsala n'zakuti anthu adziwe za ng'ombe yeniyeni, pakuti mbewa si ng'ombe. Ichi chinachitika ku America, pa nyumba yofufuzira nthenda za ziweto ya Rockefeller Institute ku Princeton. M'chaka cha 1921 Paul Howe anayesa mwazi wa ana a ng'ombe ongobadwa, napeza kuti usanalowe mkaka m'kamwa mwawo, mbali ija ya mwazi imene ikhala ndi zida inali yosowa, ndipo atayamwa inaoneka msanga. Chaka chotsatira, cha 1922, Theobald Smith ndi Ralph Little anatenga ana 22. Mwa iwo, 10 anawalola kuyamwa mkaka woyamba, ndipo onse 10 anakhala ndi moyo. Otsala 12 anawamana mkakawo, nawapatsa mkaka wamba. Mwa awa 8 anafa, ndi mmodzi anamupha ali pafupi kutsirizika. Poyang'ana mitembo anapeza kuti anaphedwa ndi tizilombo wamba tokhala m'matumbo ndi m'ndowe za ng'ombe zonse, timene ng'ombe yaikulu ikhala nato osadwala. Koma mwa ana opanda zida tinaboola, tinalowa m'mwazi, ndi kufalikira thupi lonse.

Owerenga aone bwino pamenepa. Ana aja sanafe ndi njala, pakuti anamwa mkaka nakhuta. Sanafenso ndi mliri wachilendo wochokera kutali. Anafa ndi zonyansa za m'khola lawo lomwe, chifukwa anasowa chinthu chimodzi pa tsiku limodzi.

Chitseko chimene chitsekeka

Amene anadza m'mbuyo mwa Smith anafufuzabe, ndipo Rogers Brambell wa ku Bangor, m'dziko la Wales, anasonkhanitsa nzeru zonsezi m'buku lalikulu m'chaka cha 1970. Umo zikhalira ndi umu. Mwana wa munthu alandira zida za amake akali m'mimba, pakuti nsengwa imene imlumikiza ndi amake ili yopyapyala, ndipo zida zipyola. Koma nsengwa ya ng'ombe ili yochindikala. Chakudya ndi mpweya zipita, zida sizipita ai. Chifukwa chake mwana wa ng'ombe, angakhale abadwa wa maso openya ndi miyendo yoima, abadwa wopanda chomtchinjiriza.

Koma Mlengi sanamsiye wamasiye. M'masabata otsiriza a bere, thupi la make lisamutsa zida kuchokera m'mwazi ndi kuziunjika m'mawere, kotero kuti mu lita imodzi ya mkaka woyamba wabwino mupezeka magalamu 50 a zidazo kapena kuposa, pamene mu lita ya mkaka wamba simukwana ndi galamu imodzi yomwe. Zida zimenezi ndizo mbiri ya nthenda zonse zimene make anakomana nazo pa malo pamene akhala, ndi akatemera onse amene analandira. Mulinso mafuta ambiri ofunditsa thupi, ndi zina zolimbitsa maso ndi khungu; ndipo mkakawu usuntha m'mimba kuti ndowe zoyamba zakuda zituluke.

Chodabwitsa choposa chili m'matumbo a mwanayo. Masiku onse a moyo wake matumbo agaya chakudya asanachilowetse m'mwazi, ndipo zida zikagayidwa zileka kukhala zida. Koma m'maora oyamba okha matumbo ali otseguka, nalola zida kupita zamphumphu kulowa m'mwazi. Chitseko ichi chiyamba kutsekeka mwana atangobadwa. Atapita maora 6 mpata wachepa kale, atapita maora 12 wachepa kwambiri, ndipo atakwana maora 24 chatsekeka, ndipo palibe munthu angachitsegulenso. Mkaka woyamba wopatsidwa m'mawa mwake udyetsa, nutsuka ndi kulonda m'matumbo momwemo, koma sulowanso m'mwazi. Ndiponso chitseko chotsegukacho sichisankha wolowa: ngati mwana ayamba wameza ndowe za pa bere lakuda, tizilombo tilowa pa khomo limene likadalowa zida.

Zida zobwerekazi zichepa ndi theka pa masabata atatu alionse, kapena pafupi ndi apo, ndipo m'miyezi yoyambayo thupi la mwana liphunzira kusula zakezake. Mkaka woyamba uli ngati mlatho womuolotsa pa mtsinje umenewu. Ichi chinaonekanso potsiriza nkhondo ya rinderpest. Walter Plowright atapanga katemera wabwino ku Muguga, m'dziko la Kenya, cha m'ma 1960, otemera anapeza kuti mwa ana aang'ono a ng'ombe zotemeredwa katemera sanali kugwira, pakuti zida za make zinali kumuzima. Nayenera kubwerera chaka ndi chaka kudzatemera amene zida zobwereka zinawathera. Anapirira motero kufikira mliriwo unaoneka kotsiriza ku Kenya m'chaka cha 2001, ndipo m'chaka cha 2011 analengeza kuti watha pa dziko lonse lapansi. Nthenda imene inathyola makola a makolo athu kulibenso. Koma tizilombo ta m'ndowe, timene tinapha ana a ku Princeton, tikalipo m'khola lililonse.

Ng'ombe zachilendo zifika ku Mzuzu

Tibwerere tsopano kwathu. Mzuzu unayamba kukula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene anatsegula munda wa mitengo ya tung pa mapiri a Viphya, ndipo unatchedwa mzinda m'chaka cha 1985. Dziko lake lili lozizira ndi la mvula yambiri, loyenera ng'ombe za mkaka. Boma la Malawi litamanga nyumba zokonzera mkaka ku Blantyre m'chaka cha 1969 ndi ku Lilongwe m'chaka cha 1973, linamanganso ku Mzuzu m'chaka cha 1974, ndipo alimi anayamba kulandira ng'ombe zosakaniza mtundu wathu ndi wa Friesian. Mtundu uwu wa mawanga akuda ndi oyera uchokera kumpoto kwa Holland, moyandikana ndi kwawo kwa Reinders uja. Alimi anadzisonkhanitsa m'magulu operekera mkaka pamodzi, ndi magulu a kumpoto anapanga bungwe la Mpoto Dairy Farmers Association. Ku Luwinga kunamangidwa mafakitale, chipatala chachikulu, ndi sukulu ya ukachenjede imene inatsegulidwa m'chaka cha 1999. Ndipo pochuluka anthu anachulukanso ofuna mkaka.

Pamodzi ndi dalitso ili panafika kusintha kumene ambiri sanakuzindikire. Ng'ombe ya Friesian itsitsa mkaka mwana palibe; chifukwa chake mlimi angathe kuchotsa mwana tsiku lomwelo ndi kumwetsa m'ndowa, ndipo mwana akafa mkaka sutha. Chingwe chija chimene chinamanga moyo wa mwana ndi phindu la mwini chinaduka. Ng'ombe yotere siiyenda kubusa, ikhala m'khola usana ndi usiku, ndipo ikabala pa matope mawere ake ada. Bere lake lili lalikulu ndi lolendewera, kotero kuti mwana wofooka afunafuna kumtunda osapeza nsonga. Ndipo akabadwa usiku wa mwezi wa Juni kapena Julayi, pamene chisanu cha ku Mzuzu chiluma, angagone kufikira m'mawa osalawa kanthu, chitseko chili kutsekeka. Ntchito imene kale anaigwira make ndi mwambo, tsopano yagwera mwini khola. Akulu anati, walira mvula walira matope.

Palinso china. Mabungwe ena othandiza alimi, monga Land O'Lakes ndi Heifer International, anagawa ng'ombe ndi pangano lakuti wolandira adzapereke mwana wamkazi woyamba kwa banja lina limene lilinda, ndi banjalo lidzaperekenso kwa lina. Pa pangano lotere mwana wa ng'ombe sali wa mwini khola yekha. Ali chiyembekezo cha mnansi, kapena cha mayi wamasiye amene anamanga kale khola nabzala kale nsenjere. Iye amene alekerera mwana woteroyo kufa chifukwa cha tulo ta usiku umodzi, walanda mnzake osadziwa.

Zoyenera kuchita

Mbiri ikhala yopanda pake ngati siitiphunzitsa chochita. Chifukwa chake tilemba izi mwa dongosolo.

Choyamba, lekani kukama ng'ombe itatsala miyezi iwiri kuti ibale, ndipo muidyetse bwino, kuti mawere apume ndi kudzaza zida. Musaikame isanabale, pakuti potero mutaya cholowa cha mwana. Ngati mugula ng'ombe ya bere, ifike pakhomo akalipo masabata angapo, kuti idziwane ndi nthenda za pamalopo ndi kuzisulira zida.

Chachiwiri, konzani pobalira pouma, poyala udzu watsopano, ndipo masiku akayandikira mukhale maso usiku womwe. Mwana akabadwa, lolani make amnyambite. Tsukani mawere ndi madzi ofunda. Ndipo mchombo muuviike mu ayodini, pakuti nawonso uli khomo la tizilombo.

Chachitatu, penyetsetsani ndi maso anu kuti wayamwa, musangoganiza. Likapita ora limodzi kapena awiri asanagwire bere, mthandizeni. Akalephera, kamani m'chiwiya chotsuka bwino, nimummwetse ndi botolo, pang'onopang'ono, mutu uli chilili, kuti mkaka usalowe m'mapapo. Muyeso wake ndi uwu: gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lake, asanathe maora 6. Mwana wa makilogalamu 20 afuna malita 2, ndi wa makilogalamu 35 afuna malita 3 ndi theka. Akalephera kutha nthawi imodzi, mugawe kawiri, nimummwetsenso lisanathe tsikulo. Mkaka wokamidwa koyamba ndiwo wamphamvu koposa, ndipo ukachedwa kukamidwa usungunuka. Musaonjezepo madzi, musauphike.

Chachinayi, make akafa kapena akauma mawere, thamangirani kwa mnansi amene ng'ombe yake yabala tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Amene ali ndi firiji youmitsa angasunge mkaka woyamba wotsala miyezi yambiri. Pousungunula aike botolo m'madzi ofunda, osati pamoto, pakuti moto uononga zida. Kukadakhala kokoma kuti gulu lililonse la alimi lisunge mabotolo owerengeka a pangozi. Mkaka wamba wosakaniza ndi dzira uletsa njala, koma sulowa m'malo mwa mkaka woyamba.

Chachisanu, masiku atatu kapena anayi oyamba mkaka wonse ndi wa mwana, usapite ku malonda. Ndipo ungakhale wayera, musammane gawo lake chifukwa cha ndalama za lero. Mwana wamphongo nayenso alandire monga wamkazi, pakuti adzakoka ngolo kapena kugulidwa. Mukaona mwana atsegula m'mimba, atupa mchombo kapena mfundo za miyendo, kapena apuma mobanika ndi chibayo, itanani mlangizi wa ziweto msanga. Ndipo musayese kuti mkaka woyamba uchotsa ntchito zina. Nkhupakupa ziyenera kuphedwabe, ndi katemera aperekedwe pa msinkhu umene mlangizi anena.

Ziweto zina, ndi ana a anthu

Lamulo lomweli ligwira mbuzi, nkhosa, nkhumba, abulu ndi akavalo, pakuti ana a zonsezi abadwa opanda zida. Mbuzi ikabala awiri kapena atatu, wamphamvu akankha wofooka, ndipo mwini ayenera kugwirizira wamng'onoyo pa bere. Make akafa, mkaka woyamba wa ng'ombe ungampulumutse. Nkhumba ibala ana ambiri, ndi otsiriza kubadwa apeza anzawo atamwa kale. Awa ndiwo oyenera kuwapenyetsetsa. Nkhuku ilibe mawere, koma nayonso siisiya anapiye opanda kanthu, pakuti iika zida zake mu yolk ya dzira, ndiyo mbali ija yachikasu, imene mwanapiye aimeza m'mimba asanaswe.

Ndipo tisatseke nkhaniyi osanena za ana athu. Mwana wa munthu abadwa ali nazo kale zida m'mwazi, monga tanena. Komabe mkaka woyamba wa amake uli ndi zida za mtundu wina, zimene zimata m'matumbo mwake ndi kumtchinjiriza ku nthenda ya kutsegula m'mimba. M'midzi ina munali mwambo wofinyira pansi mkakawu, ndi kumwetsa khanda madzi kapena mankhwala a zitsamba, poganiza kuti mkaka wachikasu uli wakuda. Anamwino a pa chipatala chachikulu cha ku Luwinga, ndi a zipatala zonse za m'dziko muno, aphunzitsa kuti khanda liikidwe pa bere lisanathe ora loyamba, ndi kuti liyamwe bere lokha miyezi 6. Agogo ndi apongozi, amene mawu awo amveka m'nyumba ya chikuta, athandize pamenepa.

Abale, mlimi wa ku Groningen anaona cholowa ichi osadziwa njira yake. Dotolo wa ku Berlin anapeza njirayo. A ku Princeton anawerenga mtengo wake m'mitembo ya ana a ng'ombe. Ndipo ife talandira nzeruyi kwaulere. Mlengi anaika mankhwala m'bere la nyama yosalankhula, naika nthawi yake yaifupi, nasiyira munthu udindo wakuti asachedwe. Iye amene anapatsidwa chiweto anapatsidwa monga kapitao, ndipo kukhulupirika kwake kuyesedwa m'zinthu zazing'ono zotere, pakati pa usiku, popanda womuona. M'mera m'poyamba. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzake mawu awa, pa msonkhano wa alimi ndi pa bwalo la tchalitchi, isanafike nyengo imene ng'ombe zawo zidzabala.